Mzere Umene a Mawaya Anati Asintha Mawa

Kachipinda ka a Mawaya kanali kunsi kwa masitepe, pamalo amene omanga nyumba ija anawasiyira matsache ndi zidebe. Munthu wamtali ankalowamo chowerama, ndipo a Mawaya, amene anali aatali zedi, anawerama zaka makumi awiri mpaka msana unazolowera. Ngakhale pamsewu ankayenda ngati akuopa kugunda denga. M'kachipindamo munali tebulo, mpando wothyoka chotsamira, ketulo ya tiyi, ndi mashelefu atatu odzaza zingwe zimene ena ankaziona ngati zinyalala koma eni ake ankazidziwa chimodzichimodzi. Dzina lawo lenileni linalembedwa pakapepala ka pachitseko, koma chinyezi chinalifufuta kalekale, ndipo panalibe amene anadzivuta kufunsa.

Nyumbayo inali yosanjikiza kanayi. Pansi panali ogulitsa matikiti a ndege, pamwamba pawo maloya awiri osalankhulana, kenako dokotala wa mano, ndipo pamwamba penipeni sukulu yosoka. Onsewa kompyuta ikangotsokomola ankathamangira kunsi kwa masitepe. Amene ankatsika kawirikawiri anali mlembi wa kwa dokotala wa mano, mayi wamfupi, wolankhula mothamanga, amene aliyense ankangomuti a Sisi.

"A Mawaya, intaneti yafa!"

"Sinafe, achemwali. Yangosowa kofunsa njira."

Apa a Sisi ankadziwa kuti aputa ulaliki, koma kothawira kunalibe.

"Kompyuta sidziwa mayina, imadziwa manambala basi," ankatero a Mawaya, chala chili m'mwamba. "Inu mukalemba dzina la tsamba, iyo imayamba yafunsa kwa kalozera, ife timati DNS, kuti dzina ili likukhala pa nambala iti. Akaiuza, ndiye imanyamuka. Kalozera akadwala, tsamba lilipo, inu mulipo, koma simukumana. Komanso dzina limodzi limakhala ndi mizere ingapo kwa kalozerako. Wina umaloza kumene kuli tsamba, wina umaloza kumene makalata a imelo azikatulidwa. Mizere iwiri, achemwali, osati umodzi."

"Ine ndikungofuna igwire ntchito, odwala akudikira."

"Igwira. Koma mukhala mutaphunzirapo kanthu."

Anali munthu wotero, wodziwa ntchito yake komanso wodziwa kuti amaidziwa. Lamulo lawo lalikulu nyumba yonse inaliloweza. Akakonza chinthu sankakhulupirira kompyuta ya mwini wake, chifukwa, ankati, ya pakhomo imadziwa njira zachidule ndipo imakunamiza. Ankatuma munthu wa kwina kuti atsegule tsambalo kapena atumize kalata. "Mwayesa kuchokera panja?" Funso limeneli analifunsa kambirimbiri mpaka ana a sukulu yosoka ankawalonjera nalo pamasitepe m'malo mwa moni.

Kunyumba kunali anthu atatu: iwo, akazi awo, ndi mwana mmodzi yekhayo, mtsikana. Ali ndi zaka zinayi ankakwera pamiyendo pa bambo ake n'kulanda mausi ya kompyuta, ndipo kuyambira pamenepo anakhala Kamausi. Atakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, a Mawaya anachita chinthu chimene akazi awo anachiseka sabata yathunthu: analembetsa dzina la banja pa intaneti. Anatenga kompyuta yakale imene maloya anaitaya, naikhazika pakona ya kachipinda kawo kuti ikhale seva, makina osungira tsamba ndi makalata. Anapanga tsamba limodzi lokhala ndi chithunzi cha atatuwo, ndi mabokosi atatu a makalata: la bambo, la mayi, la Kamausi.

"Anthu atatu ogona nyumba imodzi, tizilemberana chiyani?" anafunsa akazi awo.

"Tsiku lina mudzaona," anatero a Mawaya.

Adilesi imeneyo sanapatse munthu wina aliyense. Za ntchito zinali ndi yake. Iyi inali ya pakhomo, ndipo munkadutsa zinthu monga "mugule sopo pobwera" ndi "Ababa, ndakhoza masamu."

Akazi awo anamwalira Kamausi ali chaka chachiwiri ku sukulu ya unamwino. A Mawaya sanatseke bokosi la mayi. Anapitiriza kupita ku ntchito, kubwerera, kuphika zosapsa, ndi kumvetsera phazi la mwana wawo pakhonde Lachisanu lililonse madzulo. Ndiye tsiku lina, mwana atamaliza sukulu, phazi linamveka la anthu awiri. Kamausi anabwera ndi mnyamata woyendetsa thiraki yodutsa malire, wofatsa, wa manja okhakhala, amene anavula chipewa asanafike ndi pakhomo pomwe. Ankafuna kukwatirana, ndipo ankafuna kukakhala kutali, kudziko kumene kunali kampani ya mnyamatayo ndi chipatala chofuna anamwino.

A Mawaya anapeza zifukwa khumi. Wamatayala, monga anamutchulira pomwepo, sakhala pakhomo. Wamatayala sanaphunzire. Wamatayala ali ndi mkazi pa malire aliwonse. Zonsezi zinali zophimbira. Chifukwa chenicheni chinali chimodzi, ndipo sanachitchule: ankaopa nyumba yopanda phazi la munthu. Akanangonena zimenezo, mwana akanalira nawo n'kupeza chochita. Koma anthu ena kunena kuti "ndikuopa" kumawavuta kuposa kutukwana.

"Ukapita naye ameneyu, foni yanga usadzaiimbe. Ndikaona nambala yako ndidula."

Kamausi anaima pakhomo, chikwama chili paphewa, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndiye ndizikulemberani, Ababa."

"Lemba. Adilesi ukuidziwa."

Anayankha mwachipongwe, koma chitseko chitatsekeka mawu amenewo ndi amene anatsala nawo. Patapita masiku ochepa anayesa mwakachetechete nambala ya mwana wawo, napeza kuti sikulowanso. Mwana anali atadutsa malire.

Mwezi womwewo seva yakale ija inayamba kulira ngati chigayo. A Mawaya anachita mantha kuti ingafe kalata ya mwana ili m'njira, ndiye anapeza kamakina katsopano, kakang'ono ngati buku. Anasamutsiramo zonse: tsamba, mabokosi atatu, ndi mapasiwedi omwe. Kuti akayese asanauze dziko lonse, anachita zimene amisiri amachita. Mu laputopu muli kafayilo kamene makina amayamba ayang'anamo asanakafunse kwa kalozera, ndipo mmenemo analemba pamanja kuti dzina la banja likukhala pa nambala yatsopano. Anayesa, zonse zinayenda. Kenako anatsegula kwa kalozera n'kusintha mzere wa tsamba. Dzanja likupita pa mzere wa makalata, a Sisi anatulukira akukuwa kuti paipi yaphulika kwa dokotala ndipo madzi akutsikira m'mawaya a maloya.

"Uwu ndisintha mawa," anatero a Mawaya, natseka laputopu.

Mawa lake anafika atatopa, nsapato zisanaume. Anatumiza kalata kuchoka m'bokosi la malemu akazi awo kupita m'bokosi lawo, ndipo inafika asanaphethire. Mtima unakhala pansi. Ikanalephera bwanji kufika, mabokosi onse awiri ali m'kamakina kamodzi, ndipo laputopu ikudziwa njira yachidule imene anailembera okha? Munthu amene anasautsa nyumba yonse ndi funso limodzi kwa zaka makumi awiri, pa chinthu chake chomwe sanalifunse. Ndipo sikunali kuiwala kokha. Kutuma a Sisi kuti alembe ku adilesi ya pakhomo kukanakhala kuvomera pamaso pa munthu kuti pali kalata imene akuidikira. Manyazi anawagwira, ndipo anadziuza kuti zili bwino.

Seva yakale sanaizimitse, chifukwa ndi yomwe inkayendetsanso pulinta ya nyumba yonse. Anaipukuta fumbi, phokoso linachepa, naikankhira kunsi kwa shelefu kuseri kwa katoni ya zingwe. Inakhala mmenemo kagetsi kake kobiriwira kakuphethira, pafupi ndi phazi lawo lamanzere.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unali wofanana. Ankafika isanakwane seveni, kuika ketulo pamoto, kutsegula laputopu, kutsegula bokosi. Mbee. Ngakhale makalata a anthu otsatsa mankhwala ndi olonjeza chuma, amene amalowa paliponse, sankafika. Munthu wa ntchito yawo akanayenera kudabwa. Iwo anadzitama kwa loya wamkulu kuti sefa ya makalata imene anaika ndi yolimba kuposa za makampani akuluakulu.

"Mwana uja ali bwanji?" a Sisi ankafunsa nthawi zina, atabweretsa kiyibodi yothiridwa tiyi.

"Ali bwino. Ntchito ya unamwino ndi yotangwanitsa."

"Amaimba?"

"Kiyibodi iyi mwaithiranso chiyani, achemwali?"

Chaka chitatha anagonja. Anatseka chitseko, nalemba mizere iwiri imene inawatengera ola lathunthu: "Kamausi, uli bwanji? Ndine bambo ako." Anaitumiza ku bokosi la mwana wawo. Popeza kamakina kanali kawo, ankatha kuona ngati kalata yatsegulidwa. Sabata inatha, mwezi unatha, sinatsegulidwe. Pa tsiku lokumbukira imfa ya akazi awo analembanso, ndipo ulendo uno anachita chimene sanachitepo chibadwire. Analemba kuti: "Ndinalakwa. Ndinkaopa kutsala ndekha. Foni ukhoza kuimba." Nayonso inakhala chitsekere.

Pamenepo mtima wawo unauma. Anaganiza kuti mwana wataya ngakhale adilesi imene anamupangira ndi manja awo. Anachotsa chithunzi chake patebulo n'kuchiika m'dilowa. Anayamba kukalipira anthu pa zinthu zazing'ono, ndipo ana a sukulu yosoka anasiya kuwalonjera. Koma bokosi sanasiye kutsegula. Ankalitsegula mokwiya, ankalitsegula akudzinyoza, koma ankalitsegula.

Zinatha zaka zitatu ndi miyezi iwiri. Laputopu inakalamba, ndipo Lolemba lina inakana kuyaka. Lachiwiri m'mawa anabwera ndi yatsopano, naika ketulo pamoto monga mwa masiku onse. Analemba dzina la banja, analemba pasiwedi. Laputopu yatsopanoyo inalibe kafayilo kolembedwa pamanja. Inachita zimene kompyuta iliyonse padziko inkachita masiku onsewo: inafunsa kwa kalozera, kalozera anawerenga mzere umene sunasinthidwe, naitumiza kunsi kwa shelefu.

Bokosi linachedwa kutseguka. Kenako makalata anayamba kukhuthuka, mazanamazana, a mankhwala, a chuma, a maulendo aulere. A Mawaya anakwinya nkhope poganiza kuti sefa yathyoka. Ndiye pakati pa zinyalalazo anaona dzina. Analiona kachiwiri. Anasefa, ndipo panatsala makalata makumi atatu ndi anayi, onse ochokera kwa Kamausi, ndi imodzi ya munthu wina pamapeto.

Ketulo inawira mpaka madzi anatha.

Yoyamba inalembedwa patangopita masiku asanu ndi atatu chiphulikire paipi ija. "Ababa, tafika bwino. Ndikudziwa kuti mwakwiya. Mankhwala a BP musaiwale, ali pamwamba pa firiji." Yachitatu inali ndi chithunzi cha ukwati, anthu asanu ndi mmodzi okha, ndi mpando umodzi wopanda munthu kutsogolo. "Tinakusiyirani, mwina mukanasintha maganizo." Ina inkadandaula za sisitala wamkulu wovuta pachipatala. Ina inkafunsa mmene angakonzere foni yogwera m'madzi, ndipo a Mawaya anamva pakamwa pawo pakuyankha mokweza, m'kachipinda mopanda munthu, kuti aichotse batire kaye.

Ya khumi ndi chisanu inali ndi kakhanda kokulungidwa m'nsalu yoyera. "Ndi wamkazi. Ndamupatsa dzina la Amayi. Zala ndi zanu, zazitali. Ababa, ngakhale simukufuna kulankhula ndi ine, uyu sanakulakwireni."

Pambuyo pake makalata anayamba kufupika. "Ndinaganiza zokuimbirani lero, koma munanena kuti mudula, ndipo sindikanapirira kumva mukudula." Kenako kutopa kosatha. Kenako kutupa miyendo. Kenako impso. "Tsopano ndikugona pabedi limene ndinkayalira ena. Musadandaule, anzanga akundisamala." Ya makumi atatu ndi chinayi inali ya mizere itatu. "Ababa, ndikudziwa kuti mumawerenga, chifukwa bokosi lanu mumatsegula m'mawa uliwonse ketulo isanawire. Sindikupempha zambiri. Lembani liwu limodzi lokha."

Yomaliza inali ya Wamatayala, ya miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, yolembedwa mwaulemu umene unapweteka kuposa chipongwe. "Bambo, pepani kukulemberani ine. Mwana wanu watisiya Lachinayi m'mawa. Ndinafuna kukuimbirani ali moyo, koma anandiletsa, anati musakakamizidwe. Atapita ndinalibenso mphamvu yoti mundidulire foni pa nkhani ngati iyi. Tamuika Loweruka. Nambala yanga ndi iyi, ngati mungafune kudziwa za mdzukulu wanu."

A Mawaya sanakuwe. Anatsika pampando, nagwada, nakoka katoni ya zingwe. Seva yakale inali pomwepo, fumbi lili tho, kagetsi kakuphethira. Pafupifupi zaka zitatu mwana wawo ankalankhula pafupi ndi phazi lawo lamanzere. Anaika dzanja pamwamba pake, ndipo inali yofunda.

Chizolowezi cha ntchito n'chankhanza. Ali chigwadire, mutu unawauza kuti ayang'ane m'kaundula wa seva, mmene mumalembedwa aliyense wolowa ndi nthawi yake. Anayang'ana. Bokosi la Kamausi linkatsegulidwa tsiku lililonse. Nthawi zake zinali zija zomwe, seveni isanakwane, mwina mochedwerapo akachokera ku ntchito ya usiku. Tsamba ndi tsamba, mwezi ndi mwezi, iye uko, iwo kuno, aliyense akusuzumira m'bokosi lopanda kanthu, pa dzina limodzi, m'makina awiri otalikirana mikono iwiri. Mzere womaliza unali wa Lachitatu, tsiku limodzi asanamwalire. Apa m'pamene analira, kulira koipa kwa munthu wosazolowera, chipumi chili pa shelefu.

Atatha anapukuta kumaso, natsegula kwa kalozera. Mzere wa makalata unali pomwe anausiya, ukuloza nambala yakale mokhulupirika. Anafufuta, analemba yatsopano, anasunga. Sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Anasamutsira makalata onse m'kamakina katsopano, nadikira ola limene kalozera amafuna kuti nkhani ifalikire, kenako anakwera masitepe.

A Sisi anali pafoni ndi wodwala. Ataona nkhope yawo anaika foni pansi osatsanzika.

"A Mawaya, kwagwanji?"

"Achemwali, ndithandizeni. Tumizani kalata ku adilesi iyi. Lembani chilichonse."

Anawapatsa kapepala. A Sisi anakawerenga, nawayang'ana. Analemba kuti "kuyesa" n'kutumiza. A Mawaya anali atanyamula laputopu m'manja, ndipo asanapume kawiri inalira kamodzi.

"Yafika?"

"Yafika."

"Ndiye zili bwino?"

"Zikugwira ntchito," anatero a Mawaya. "Mwana wanga anamwalira, achemwali. Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Ankandilembera."

A Sisi anagwira pakamwa. Anazungulira tebulo, nawakhazika pampando wa odwala, n'kukhala nawo osanena kanthu. Kwa munthu wolankhula ngati iwo, chimenecho chinali chifundo chachikulu.

Masana anabwerera kunsi kwa masitepe. Anatsegula bokosi la Kamausi, chinthu chimene sanachitepo chifukwa ankati n'kusalemekeza mwana. Makalata awo awiri anali pamwamba, akuda bii monga amakhalira osawerengedwa. Sanawatsegule. Anatulutsa chithunzi m'dilowa, nachiimika patebulo, natenga foni. Anaimba nambala ija imene Wamatayala anawalembera.

Inaitana nthawi yaitali. Atayankha, kumbuyo kunkamveka wailesi ndi mbale zikugundana.

"Halo?"

"Ndine... ndine bambo ake a Kamausi."

Wailesi inazimitsidwa.

"Mwawerenga liti, bambo?"

"Lero. Onse, lero."

A Mawaya anali atakonza zofotokoza: za mizere iwiri, za kafayilo, za paipi. Zonse zinali zoona, koma zonse anazisiya. Angamuuze bwanji munthu amene anaika mkazi wake yekha kuti vuto linali nambala?

"Ankati mumatsegula m'mawa uliwonse," anatero mkamwini wawo, mawu ali pansi. "Mpaka tsiku lomaliza ankatero. Ndinkamugwirira foni ine, manja atasiya kugwira."

"Ndinkatsegula, mwana wanga. M'mawa uliwonse ndinkatsegula."

A Mawaya sanadziwe ngati wawakhulupirira. Anangomva kupuma kwake, kolemera, kwa munthu amene wanyamula mkwiyo nthawi yaitali ndipo sakudziwa pouika. Kenako patali pang'ono panamveka timapazi, ndi mawu a kamwana kakakazi.

"Adadi, ndani ameneyo?"

A Mawaya anagwira foni ndi manja onse awiri, atawerama kunsi kwa masitepe, nadikira kuti amve dzina limene mkamwini awatchule nalo kwa mdzukulu wawo.